Maluwa a arum m'miphika: dzanja la kumudzi ndi chisanu cha ku Joni

Amalawi ambiri kuno ku Joni timadyera m'magadeni a anthu, kaya ku Randburg, Roodepoort, Edenvale kapena Sandton, ndipo ndi mabwalo ochepa amene mulibe maluwa a arum, aja a masamba akuluakulu, duwa loyera lopindika, kachikasu kataima pakati. Kumudzi tinkawaona ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje, pamishoni ndi m'maesiteti a tiyi, akudzimerera m'mbali mwa ngalande popanda wowalabadira. N'chifukwa chake munthu akangofika kuno amawaderera. Koma Juni akalowa, tsiku lina m'mawa umapeza masamba onse agwa, ada bii, ali phwetephwete, bwana ataima pakhonde akufunsa chachitika n'chiyani.

Chachitika ndi malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ndi Lilongwe zili chapa 1,000 kapena kupitirirako pang'ono. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuno mvula kulibe, masana dzuwa lili phwee, koma usiku kuzizira kumafika pa madigiri 0, nthawi zina kutsikirapo, makamaka m'zigwa za m'mbali mwa mitsinje ya Jukskei ndi Braamfontein Spruit. Amene tinalipo pa 10 Julayi 2023 tinaona chipale chofewa chikugwa m'tauni muno. Kumudzi nyengo yozizira ndi ya mtundu wina. Kummwera kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza, mpweya uli wachinyontho; munthu amanjenjemera koma duwa limakondwa. Chisanu chopsereza masamba timachimva ku Nyika ndi m'madambo ena a kumapiri, osati pakhomo la aliyense.

Ndiye Mmalawi anakula akudziwa kuti duwali ndi la padambo: lipatse madzi, lipatse manyowa, lisiye. Mwini nthaka kuno anakula akudziwa kuti pali arum ndi arum, ndipo apa ndi pamene amatiposa, tisabise.

Woyera uja, amene m'mabuku amati Zantedeschia aethiopica, kwawo ndi konkuno ku South Africa ndi ku Lesotho. Ku Malawi anachita kubwera nawo. Pansi ali ndi tsinde lokwawa lonenepa, ndipo akapeza madzi sataya masamba chaka chonse. Awa ndiwo a dambodi. M'chilimwe cha kuno, mphika wawo mutha kuukhazika m'mbale ya madzi osaopa chilichonse. Koma aliponso amitundu: apinki ochokera ku Mpumalanga, KwaZulu-Natal ndi Eswatini, achikasu a m'miyala ya ku Roossenekal ndi Sekhukhune m'chigawo cha Limpopo, ndi ena osakanizidwa amene amagulitsidwa m'manazale ndi mtengo wokwera. Amenewa pansi ali ndi chinthu chonga mbatata, ndipo kwawo amamera ndi mvula, n'kugona nyengo yonse yozizira m'dothi louma gwa. Mukawathirira mu Julayi monga mumachitira oyera aja, mbatata imawola, n'kumanunkha. Ndi kachilombo kabakiteriya kamene kamachita zimenezi, ndipo kakalowa palibe mankhwala. Mbatatayo mumataya pamodzi ndi dothi lake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Ku Malawi kuli arum wathuwathu wa m'tchire, wa masamba a mawanga oyera, Zantedeschia albomaculata, amene amapezekanso ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania. Amatuluka ndi mvula yoyamba, mvula ikatha amafota n'kubisala pansi mpaka chaka chamawa. Aliyense amene anadyetsako mbuzi kumapiri anaonapo zomera zochita chotere. Tinangolephera kuzilumikiza ndi maluwa a m'miphika ya abwana.

Anzathu a ku Zimbabwe amene timagwira nawo limodzi, makamaka ochokera cha ku Bulawayo ndi Gweru, chisanu amachidziwa kuyambira ubwana, ndipo madzi anazolowera kuwasunga. Iwo savutika kukhulupirira kuti duwa likhoza kukhala miyezi itatu osamwa. Ife dzanja limayabwa tikaona dothi louma.

Tsono nkhani ya mphika. Kumudzi mphika wa maluwa ndi ndowa yobooka, chidebe cha penti kapena chigubu chodula, ndipo dothi timakatapa padimba. Kuno dothi amagula m'matumba, lopepuka, losakaniza makungwa a paini ndi kompositi. Pa amitundu aja, njira ya kuno ndiyo yabwino: amafuna dothi lotaya madzi msanga ndi mphika wa mabowo ambiri, mbatata ikhale pansi masentimita 5 mpaka 10, maso ake atayang'ana kumwamba. Koma pa oyera, ine ndimaima ndi kumudzi. Dothi la m'matumba limauma msanga ndi mphepo ya mu Ogasiti, ndipo chakudya chake sichichedwa kutha. Dothi lakuda lolemera, losakaniza ndi manyowa a ng'ombe owola bwino, mu mphika wotambalala masentimita 30 kapena 40, limabereka masamba ofika m'chiuno. Manyowa akhale owoladi. Aawisi amaotcha mizu.

Chimene sitinazolowere n'chakuti mphika ndiwo umapha. Arum woyera wobzalidwa pansi, chisanu chikaotcha masamba, tsinde lake limatsala lamoyo chifukwa nthaka imasunga kutentha, ndipo mu Seputembala amaphukanso. Mu mphika kuzizira kumalowera mbali zonse, m'mbali ndi pansi pomwe. Ndiye ntchito iyambe Meyi asanathe. Miphika isunthidwe pansi pa denga la khonde kapena pafupi ndi khoma loyang'ana kumpoto, pakuti khoma lotere limaotha dzuwa tsiku lonse n'kumatulutsa kutentha usiku. Iunjikidwe pamodzi, ichotsedwe pa simenti yozizira, ikhale pa thabwa. Mbale za madzi zija zichoke. Kuthirira kukhale kochepa, ndipo kukhale kwa m'mawa dzuwa litakwera, osati madzulo. Masamba opserera musafulumire kudula ngakhale akunyansa, chifukwa ndi amene akufunditsa mphukira zili m'munsi. Mudzadule chisanu chikatha.

Pa zofunditsa, kuno amathamangira kusitolo kukagula nsalu yoyera yopyapyala ya chisanu. Ndi yabwino, imalowetsa kuwala ndi mpweya, sindikutsutsa. Koma udzu wouma, masaka a gonje ndi makatoni, zimene timatchinjirizira nazale ya fodya kapena ya tomato kumudzi, zimagwira ntchito yomweyo. Mangani saka kuzungulira mphika, ikani udzu pamwamba pa dothi, zikani timitengo kuti chofunda chisakhudze masamba, ndipo m'mawa muvundukule. Pulasitiki yokha ndiyo ayi: imasunga chinyontho, n'kuzizira pamodzi ndi tsamba. Ndaona abale athu akuchita manyazi kutchula za udzu pamaso pa bwana, ngati ndi nzeru yachimidzi. Si yochititsa manyazi. Alimi akale a kuno ankamanga udzu womwewo kuzungulira timitengo tawo tating'ono.

Amitundu aja ntchito yawo ndi yochepa. Masamba akayamba chikasu mu Epulo kapena Meyi, lekani madzi. Mphika wonse ukhoza kulowa m'galaja, kapena mukumbe mbatata, ziume pamthunzi masiku angapo, muzisunge m'katoni ya utuchi pamalo ouma. Kubzalanso ndi mu Seputembala, ndipo madzi ayambe pang'onopang'ono mpaka mphukira zitaoneka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Osafukula dothi tsiku ndi tsiku kuti muone ngati zayamba.

Pali chenjezo limene Mmalawi ayenera kulimva kuposa wina aliyense. Arum ndi wa banja limodzi ndi koko, ndipo masamba amafanana. Musayese kuthyola ndiwo. Chomera chonse chili ndi timinga tosaoneka tamchere wa calcium oxalate, timene timatupitsa milomo, lilime ndi kukhosi. Nungu ndi nguluwe zimakumba n'kudya tsinde lake, koma mwana wokwawa kapena galu wa abwana sangapirire. Amene mumakhala ndi ana m'kachipinda kakuseri, miphika ikhale patali.

Ena amafuna kupita nazo mbatata zachikasu kumudzi pa Khirisimasi, kudzera Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Zomera siziwoloka malire popanda chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo kukumba za m'tchire kuno popanda chilolezo ndi mlandu. Achikasu a ku Roossenekal achepa kale chifukwa cha okumba. Gulani za kunazale, pezani mapepala. Zikafika ku Dedza kapena ku Mzuzu zidzakula bwino, koma mdani wake kumeneko sadzakhala chisanu. Adzakhala mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale yodzaza mphika, kenaka chiperoni pa nthawi imene mbatata ikufuna kuuma. Uzani a kunyumba aike mphika pakhonde pomwe sipafika mvula, ndipo kuyambira Meyi asauthire ngakhale madzi otsukira mbale.