Inu ogula masitampa a mpukutu pa intaneti, tamverani

Ana inu, mwayamba khalidwe logula masitampa akale a ku America mutangoona chithunzi chimodzi pafoni, ndipo akakupusitsani mumati ndi tsoka. Tsoka lake liti? Limenelo ndi phuma basi.

Ndikunena masitampa a mpukutu, amene boma la America linayamba kutulutsa mu 1908, okulungidwa ngati tepi kuti azilowa m'makina. Sitampa yotere imakhala ndi mano mbali ziwiri zokha, mbali zinazo n'zosalala. Akamberembere anapezerapo mpata pomwepo. Amatenga sitampa wamba ya mano mbali zonse zinayi, n'kumeta mbali ziwiri ndi lezala. Ena amatenga yopanda mano n'komwe, n'kuiboola okha timabowo. Kukacha, sitampa yotchipa ija akuitcha yosowa.

Mdzukulu wanga wa kunjako ananditumizira chithunzi, akunyadira kuti wagula Orangeburg pamtengo wozizira. Imeneyi ndi sitampa ya masenti 3 ya nkhope ya George Washington, pulezidenti woyamba wa America, ya 1911, imene inagwiritsidwa ntchito ndi kampani imodzi yokha, Bell & Company ya ku Orangeburg, New York, potumiza mankhwala kwa madokotala. Zenizeni zilipo zowerengeka, zabodza ndiye mbwee. Ndinamufunsa kuti satifiketi yake yotsimikiza kuti ndi yeniyeni ili kuti. Zii. Ndinati aiike pansi pa galasi lokuza zinthu. M'mphepete mosalala muja munaoneka timakwinya ta mabowo akale amene lezala sinamalize, ndipo mbali ziwirizo sizinkayenda mofanana, mbali ina inkapendekera mkati. Safunsa anadya phula, ndipo mnyamatayu analidya lambiri ndithu.

Yezani ndi rula. Sitampa yosalala pamwamba ndi pansi imatalika pafupifupi mamilimita 25. Ikapelewera, wina anaidula. Yang'anani mabowo: enieni amakhala ndi timaulusi ta pepala m'mphepete, koma obooledwa kunyumba amakhala oyera mopitirira, ozungulira bwino ngati a makina a mu ofesi. Mzere wa inki umene umapezeka mwa apo ndi apo pakati pa masitampa awiri olumikizana pa mpukutu, umene umakweza mtengo, enanso amangoujambula ndi inki.

Komatu ngakhale ine, ndi imvi zangazi, sindingalumbire ndi maso okha. Kuli akatswiri a ntchito imeneyi: Philatelic Foundation ya ku New York, imene inayamba mu 1945, ndi APEX, nthambi yoyeza masitampa ya bungwe la American Philatelic Society ku Bellefonte, Pennsylvania. Iwo ali ndi masitampa enieni oyerekezera nawo, ndipo amapereka satifiketi yokhala ndi chithunzi cha sitampayo. Amalipiritsa inde, ndipo mudikira masabata, koma mukuumira kandalama kameneko pamene mwataya kale madola ambiri?

Musanalipire, gwirizanani ndi wogulitsa kuti akatswiri akaikana akubwezerani ndalama. Akayamba kuzemba, musiyeni. Akakuonetsani satifiketi, fufuzani nambala yake kwa amene anaipereka, muone ngati chithunzi chake chikufanana ndi sitampa imene akukugulitsaniyo, dzino ndi dzino.