Grace Chanda akanabadwira ku Namwera, bwenzi atasewera mpira mpaka liti?

Nkhani ya mpira wa amayi ikabuka pa Mangochi pano, mayina amene amatuluka msanga ndi a Tabitha ndi Temwa Chawinga. M'pomveka. Tabitha anatsogola pomwetsa zigoli mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, ndipo Temwa anachinya zigoli 20 ku Kansas City Current mu 2024. Koma awiriwa ndi akutsogolo. Ine mtima wanga uli pa wosewera pakati, ndipo pamenepa ndi pomwe a ku Zambia anatisiya.

Wakutsogolo amaonekera yekha. Ngakhale pa mchenga wa ku Makawa, wopanda nsapato, mtsikana waliwiro ndi mwendo wamphamvu aliyense amuloza. Wapakati sapezeka choncho. Luso lake ndi kucheuka mpira usanamupeze, kuulandira thupi litatembenukira kale komwe aupereke, kudziwa pothamangitsa masewero ndi powaziziritsa. Zimenezi munthu amazitola pang'onopang'ono, Loweruka ndi Loweruka, kwa zaka, pakati pa anzake amene akumupanikiza. Ali ngati mango a pa mtengo, ofunika nyengo yawo kuti apse.

Taonani Grace Chanda, wosewera pakati wa Copper Queens, timu ya amayi ya dziko la Zambia. Anabadwa mu 1997 ndipo anakhwimira mu ligi ya kwawo mpaka 2022, chaka chomwe Zambia inakhala pa nambala 3 mu WAFCON, mpikisano wa matimu a amayi a mayiko a mu Africa, ku Morocco itagonjetsa Nigeria 1-0, katswiri wawo womwetsa zigoli Barbra Banda palibe. Chaka chomwecho anapita ku BIIK Kazygurt ya ku Kazakhstan, kenako Madrid CFF ku Spain. Matenda anamulanda mwayi wa World Cup ya 2023, koma mu 2024 Orlando Pride ya ku America inamutenga. Chomwe ndimagoma nacho ndi chakuti anatuluka m'dziko ali ndi zaka pafupifupi 25. Kuno mtsikana wa msinkhu umenewo amakhala atausiya kalekale mpira, ali pa banja kapena akugulitsa usipa.

Chinsinsi cha a ku Zambia si chobisika. Ena mwa matimu awo amphamvu ali m'manja mwa asilikali: Green Buffaloes ndi ya asilikali a pamtunda, Red Arrows ya a m'mlengalenga. Mtsikana akhoza kulembedwa ntchito n'kumalandira malipiro pa mwezi, ndiye kholo silingamuuze kuti akutaya nthawi. Sikuti kwawoko zonse ndi zosalala, madandaulo a ndalama za osewera amamveka ndithu, koma Olympics kawiri, ku Tokyo ndi ku Paris, sizinabwere mwangozi. Ku Tanzania anaphatikiza njira ziwiri: JKT Queens ndi ya asilikali, pomwe Simba Queens ndi Yanga Princess zimatsamira matimu akuluakulu a amuna ndi masapota awo.

Ife tinadzera ku akademe. Rose Kabzere, yemwe anapita ku Montpellier ku France, ndi Faith Chinzimu, yemwe anatengedwa ndi BK Häcken ku Sweden, onse anasulidwa ku Ascent Soccer ku Lilongwe. Chinzimu yemweyo ndi amene anamwetsa zigoli ziwiri mu October 2025 pomwe Scorchers, timu ya amayi ya dziko lathu, inagonjetsa Angola ndi kudzipezera malo mu WAFCON koyamba. Ndipo tisaiwale kuti Zambia yomweyo tinaikwapula 2-1 mu fainolo ya COSAFA, mpikisano wa mayiko a kumwera kwa Africa, mu 2023. Njira yathu ili ndi ubwino wake: mwana amaphunzira sukulu, amapita kunja akadali wamng'ono. Vuto ndi kuchepa kwa khomo. Akademe imatenga ana ochepa, ndipo amene luso lake limachedwa kuonekera, monga amachitira apakati ambiri, amatsala panja.

Kwathu kuno mtsikana akaonetsa mphamvu pa masewero, aphunzitsi amamukankhira ku ntchemberembaye. Wokakamira mpira wamiyendo amasewera ndi anyamata mpaka atatha msinkhu, kenako amayi amati: "Iwe, wakula tsopano, zovala kabudula pagulu zatha." Akanakhala ndi envulopu ya malipiro yoonetsa pakhomo, yankho likanapezeka.

Ligi ya dziko lonse ya amayi, yothandizidwa ndi National Bank, inayamba mu 2025, ndipo ndikuyamikira. Matimu a asilikali nafenso tili nawo, monga MDF Lioness ndi Moyale Sisters. Koma mpirawo wachulukira ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kutali ndi mwana wa ku Makanjira kapena Chiponde. Bwalo tili nalo pa Boma pomwepa. Eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuchokera pa mlatho mpaka ku Monkey Bay, atasonkherana akhoza kusunga timu imodzi ya atsikana, kuwalipirira sukulu ndi kulemba ntchito akuluakuluwo, kuti wapakati wa zaka 16 adzakhale akusewerabe pofika zaka 24.