Jeep ya 4.0 kufika pa 4.6

Mwalemba zoona achimwene, kuti crankshaft (chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza) ya injini ya malita 4.2 ya AMC, kampani yomwe inkapanga Jeep kale, ikalowa mu injini ya malita 4.0 ya Jeep Cherokee XJ, injini imakula kufika pa malita 4.5, kapena 4.6 mukakulitsako masilinda. Pisitoni imayenda mtunda wautali, ndiye galimoto imakoka mwamphamvu ngakhale injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Pokwera chitunda cha miyala kapena m'matope m'pomwe mumaimvadi.

Koma za compression, kupanikizika kwa mpweya ndi petulo mu silinda, mwazidumpha. Imakwera ndithu, ndipo mukapanda kusankha bwino mapisitoni, injini imayamba kugogoda ikatentha, mpaka pisitoni kuwonongeka. Ma injector akalewo, tizipangizo topopera petulo mu injini, amachepanso, pamafunika okulirapo. Chonde, musanathire ndalama zonsezi, yambani mwaona rediyeta, chifukwa XJ imakonda kutentha ngakhale isanasinthidwe kalikonse.