Ma stem cell nawonso amakalamba, funsani kaye

Abale anga a kuno ku Joni, nkhani ya ma stem cell, maselo a m'thupi omwe amatha kusanduka maselo a mitundu ina n'kukonza pomwe pawonongeka, yanyanya pa Facebook, ati jakisoni mmodzi bondo la amayi lichira, ati khungu libwerera pa unyamata. Ine maganizo anga ndi oti musanatulutse ma rand anu muzifunsa kaye kuti maselowo ndi a msinkhu wanji.

Selo nalonso limakalambatu. Wasayansi wa ku America Leonard Hayflick anaonetsa kale mu 1961 kuti maselo a munthu akamaweteredwa mu labu amagawikana mwina ka 50 basi kenako amaima. Ma stem cell otengedwa m'mafuta a m'mafupa kapena a pamimba sazemba zimenezi. Amawaika m'kabotolo ka pulasitiki mu incubator yofunda madigiri 37, akadzaza amawagawa n'kuwasamutsira m'mabotolo ena, ndiye akamagawikanagawikana chonchi ma telomere, timapeto ta ma chromosome (timaulusi tosunga chibadwa m'kati mwa selo), timanka tifupika.

Chimene anthu otsatsawa satchula ndi kuyenda kwa maselowo. Stem cell kuti ithandize imayenera kukwawa mpaka kukafika pomwe pavulala. Mu labu amayesa mophweka, amakanda kamzere pakati pa maselo ndi nsonga ya kachubu kotchedwa pipette n'kumaonerera pa microscope kuti mpatawo utsekeka liti. Achichepere amakhala owonda, ataliatali, amakwawa msanga. Okalamba amafufuma n'kuphwatalala, timaulusi ta actin ta m'kati mwawo timakhuthala, amangoti phwii ngati agogo pamkeka dzuwa likuswa mtengo. Komanso CXCR4, kanthu ka pakhungu la selo komwe kamamva SDF-1, chizindikiro chochokera pabala choitana maselo, kamachepa maselo akakhalitsa m'botolo, ndiye ngakhale njira yake saidziwa bwino.

Nde tangoganizani, amayi a zaka 70, maselo atengedwa m'thupi mwawo momwemo okalamba kale, awaweta milungu kuti achuluke, akalambiratu kawiri, kenako ndalama ya lendi ya miyezi ingapo yapita. Aaa ayi.

Sindikunyoza sayansi ayi, kusamutsa mafuta a m'mafupa kwa odwala leukaemia (khansa ya m'magazi) ndi chithandizo chenicheni, South African Bone Marrow Registry, yosunga maina a anthu ofuna kupereka mafutawo, ilipo kuyambira 1991. Koma za bondo ndi makwinyazi afunseni kuti maselowo ndi a ndani, awasamutsa m'mabotolo kangati, ndipo anawayesa ngati akuyendabe. Akayamba kukuzunguzani ndi chizungu chambiri nyamukani mukakwere taxi.