Nkhuku yadya chiphaniphani

Anthu olankhula Chikantonizi, a ku Hong Kong, Macau ndi Guangzhou, ali ndi mwambi wina umene ndimaukonda koma sindiukhulupirira kwenikweni. Amati "gai sik fong gwong cung", nkhuku yadya chiphaniphani. Kawirikawiri amalekera pomwepo. Mbali yotsalayo, "sam zi tou ming", womvayo amaimaliza yekha: mtima ukudziwa, m'mimba mukuwala. Kachiphaniphani kakuyaka m'kati, kunjaku tikungoona nthenga.

Amaunena kwa munthu amene nkhani akuidziwa bwinobwino koma wangoti duu. Ndalama zasowa m'shopu, mwini wake satchula dzina, amangoponya mwambiwu uku akupukuta tebulo, ndipo wotengayo wamva kale. Apa ndikuuvomereza. Munthu wadzudzulidwa osachititsidwa manyazi pagulu, mawa akhoza kubweza mwakachetechete. Kwa mbuli yeniyeni ali ndi mwambi wina: nyali yachikopa cha ng'ombe, uyatse bwanji siwala.

Koma abale anga, mzinda wonse ukhozanso kumeza chiphaniphani. Ku Hong Kong komweko, m'zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1970, ziphuphu ankazitcha ndalama za tiyi. Ogulitsa malonda m'misewu ankapereka kwa apolisi. M'chipatala wodwala ankayamba wapereka kenakake kuti wothandiza amubweretsere madzi akumwa. Ndani sankadziwa? Aliyense m'mimba munkawala, ndipo kuwalako sikunathetse ziphuphuzo.

Zinthu zinagwedezeka mu 1973, pamene mmodzi wa akuluakulu a apolisi, Peter Godber, atafunsidwa kuti afotokoze komwe anapeza ndalama zoposa 4 miliyoni za ku Hong Kong, anakwera ndege n'kuthawira ku Britain. Pamenepo anthu anasiya zophiphiritsa. Ophunzira anasonkhana ku Victoria Park n'kumafuula dzina lake poyera kuti agwidwe. Mu February 1974 bwanamkubwa wa Hong Kong, Murray MacLehose, anakhazikitsa bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ICAC, losadalira apolisi.

Ndiye ine ndimati mwambiwu ndi wa pakhomo, wa m'shopu, wa anthu oti mawa adyera mbale imodzi. Pa ndalama za anthu ayi. Godber sanabwezedwe ndi mwambi. Anamubweretsa ku Hong Kong mu 1975, khoti n'kumugamula zaka 4 m'ndende.