Mvula siyenda wapansi kupita ku Kapata

Loweruka lapitali mwana wa mlongo wanga, amene ali mu Giredi 12, anabwera kunyumba ndi kope lake atakwinya nkhope. Aphunzitsi anali atamukhwatchira mzere wofiira pansi pa chiganizo ichi: "Walking slowly to Kapata Market, the rain started." Iye akuti, "Amalume, cholakwika n'chiyani apa? Sipelingi yonse ili bwino." Ndinamufunsa kuti amene ankayenda pang'onopang'onoyo ndani. Akuti, "Ndine." Ndinati, ndionetse pamene walemba kuti ndiwe. Anayang'ana, nayang'ananso, kenaka anaphulika kuseka. Chiganizo chake chikunena kuti mvula ndiyo inkayenda pang'onopang'ono kupita ku Kapata, msika wa kuno ku Chipata, kaya kukagula kapenta kaya matimati.

Maganizo anga ndi akuti mwanayu sanalakwitse chifukwa chaumbuli. Anaganiza bwinobwino, koma m'chinenero chake. Tanenani chiganizocho m'Chinyanja chathu, chimene anzathu a ku Malawi, kutsidya kwa malire a Mwami, amachitcha Chichewa: "Ndikuyenda pang'onopang'ono kupita ku Kapata, mvula inayamba." Palibe gogo aliyense wa ku Katete kapena ku Chadiza amene angamve kuti mvula ndiyo inkayenda. Chifukwa chake n'chakuti mneni wathu amayenda ndi mwini wake kumutu: ndi-kuyenda, u-kuyenda, a-kuyenda, i-kuyenda. Ka "ndi" kaja kanena kale kuti woyenda ndine, ndipo "i" wa mu "inayamba" wanena kuti woyamba ndi mvula. Aliyense ali ndi katundu wake. Koma "walking" wa Chingerezi alibe chizindikiro chotere. Ndi wamasiye. Ndiye lamulo la Chingerezi n'lakuti amatengedwa ndi mwininkhani woyamba kuonekera pambuyo pa kachizindikiro ka mpatuliro. Mukaikapo "the rain", mwamupereka kwa mvula. Azungu eni ake vutoli amalitcha dangling participle, ndipo nawonso limawagwetsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ana athu amaloweza tanthauzo la participial phrase, kachigawo konga "walking slowly" kaja, ngati vesi la pamtima, koma sauzidwa kuti chinthuchi amachilankhula kuyambira ali aang'ono. "Atatopa kwambiri, anagona osadya." "Akulira mokweza, mwana anathamangira kwa amake." "Titafika bwino ku Lundazi, tinaimba foni." Zonsezi ndi zomwezo: kachigawo kakang'ono kofotokoza mmene munthu analili kapena zimene ankachita, muli mneni ndi muonjezi, kenaka nkhani yeniyeni. Chingerezi chili ndi njira zitatu zimene ife timazidziwa kale. Ya "-ing" ndi ya chochitika pa nthawi yomweyo, monga ife timati "akulira": "Crying loudly, the child ran to her mother." Ya "-ed" kapena mawu ngati "broken" ndi "written" ndi ya chinthu chimene chachitidwa kanthu: "Badly damaged, the minibus was left at Msekera." Ndipo ya "having" ndi "-ta-" wathu uja wa mu "atafika", "nditamaliza": "Having finally sold his groundnuts, he bought fertiliser." Ana amene amalemba mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zambia, amakumana nazo m'mafunso a kusintha ziganizo aja amati "Begin: Having", ndipo ambiri amachita mantha pomwepo. Muwauze kuti "having" ndi "atatha", muona mantha akuchoka.

Tsono za muonjezi, pakuti mpamene pali zokoma. Ife tikafuna kunena mmene chinthu chachitikira timaika "mo-" kapena "mwa-": mofulumira, mokweza, mwakachetechete, mwaulemu. Iwo nthawi zambiri amaika "-ly" kumchira: quickly, loudly, quietly, politely. Kwathu muonjezi amabwera pambuyo pa mneni, basi. Sitinena "kwambiri atatopa". Kwa iwo zimasinthasintha. Ndi "-ing" muonjezi amakonda kukhala pambuyo ngati kwathu, "speaking softly", "driving carefully", ngakhale kuti "carefully opening the door" ilinso bwino. Koma ndi "-ed" amakonda kutsogola: "badly injured", "newly built", "deeply worried", "poorly paid". N'chifukwa chake pa nkhani za pa wailesi mumamva "seriously injured", pamene mwana wathu, potsata Chinyanja, amalemba "Injured seriously, he was taken to hospital." Sikulakwa kwenikweni, koma khutu la mwini chinenero limamva kuti malaya avalidwa chakunja.

Pali misampha iwiri imene ndaiona kawirikawiri. Woyamba ndi "fastly". Mawu amenewa sali m'Chingerezi chimene amachonga pa mayeso. "Fast" sasintha, "moving fast" basi. Wachiwiri ndi woopsa: "hard" ndi "hardly". "Working hard" ndi kugwira ntchito mwamphamvu. "Hardly working" ndi kungokhala chikhalire, ntchito n'kumangoigwira mwa apo ndi apo. Ndinaonapo kalata yoyamikira munthu wofuna ntchito yolembedwa kuti "hardly working and honest". Wolembayo ankafuna kumuthandiza, koma anamumiza. Chimodzimodzi "completely bored" ndi "completely boring": woyamba watopa nazo, wachiwiri ndiye wotopetsa anzake.

Ena anena kuti izi n'za m'kalasi, kunja kuno sizigwira ntchito. Pang'ono akunena zoona. Palibe amene amakwera njinga ya kabaza n'kumauza woyendetsa kuti "Pedalling slowly, you will make me late." Polankhula, tizigawo timeneti timapita kumapeto: "He came in shouting loudly", "She sat there smiling quietly", ndipo apo palibe amene amalakwitsa. Koma tsegulani kalata yofunsira ntchito iliyonse ya mwana womaliza sukulu kuno ku Chipata. Mupeza chiganizo chonga ichi: "Having recently completed my Grade 12, please consider my application." Amene wamaliza Giredi 12 ndani pamenepa? Mwa lamulo lija, ndi abwana amene akupemphedwa kuti aione kalatayo. Chofunika ndi "I" pambuyo pa mpatuliro: "Having recently completed my Grade 12, I wish to apply." Kachilembo kamodzi kokha. Ndipo kalata imeneyi ndi imene imakafika pa tebulo pamodzi ndi zina zambirimbiri, abwana akufunafuna chifukwa chochepetsera mulu.

Chingerezi nacho chili ndi zake zosatsata lamulo, tisachiope ngati chinagwa kumwamba. "Generally speaking", "strictly speaking", "frankly speaking" zimaima pazokha osafuna mwini. "Generally speaking, the rains start in November" ndi chiganizo chabwino, ngakhale kuti mvula silankhula. Anazolowera choncho ndipo zinakhazikika. Mwana wa mlongo wanga atamva zimenezi anati, "Ndiye amalume, mvula yawo iloledwa kulankhula koma yanga siloledwa kuyenda?" Ndinalibe choyankha, kupatula kumuuza kuti mawu otere ndi owerengeka, awaloweze.

Ndikudziwa kuti aphunzitsi ena amati Chingerezi chiphunzitsidwe m'Chingerezi chokhachokha, kuti mukalowetsamo Chinyanja ana amayamba ulesi. Enafe tinakula nthawi imene kulankhula chinenero cha amayi ako pa sukulu kunali mlandu, unkapatsidwa chikwakwa kukatchetcha bwalo. Sindikunyoza aphunzitsi, ntchito yawo ndi yolemetsa, kalasi lodzaza, makope mulu. Koma pa nkhani iyi ndikutsutsa. Mwana akalemba "Walking slowly, the rain started", mzere wofiira umamuuza kuti walakwa koma sumuuza kumene kulakwako kwachokera. Mawa adzabwerezanso, chifukwa m'mutu mwake chiganizocho chikumveka bwino. Mphindi ziwiri zolemba pa bolodi "ndikuyenda" ndi "walking", n'kufunsa kalasi kuti "ndi" wapita kuti, zingathetse vuto limene limayenda ndi munthu mpaka ku koleji. Ndiponso timati "Popita kumsika, mvula inayamba", popanda kutchula wopitayo, ndipo aliyense amamva. Mwana ayenera kuuzidwa kuti ufulu umenewu ndi wa Chinyanja, suoloka nawo kupita ku Chingerezi.

Tinakonza chiganizo chake m'njira ziwiri. Yoyamba, kumupatsa "walking" mwini wake: "Walking slowly to Kapata Market, I was caught by the rain." Yachiwiri, kubwezera "ndi" uja poyera: "As I was walking slowly to Kapata Market, the rain started." Iye anasankha yachiwiri, akuti ndiyo ikufanana ndi mmene anaganizira. Ali pafupi kuchoka anatenga foni yanga kuti adzitumizire zitsanzozo, n'kuona uthenga umene ndinalemba m'gulu la mpingo pa WhatsApp sabata yatha: "Having safely arrived from Lusaka, the meeting will go ahead tomorrow."

"Amalume," akutero, "msonkhanowu unakwera basi yanji?"