Kodi kwanu kulibe boma?

Lero m'mawa andibweza pa geti la chipatala kuno ku Johannesburg. Sanali adokotala kapena anamwino ayi, anali anyamata wamba amene angoima pakhomo n'kumaona mapepala a anthu. Ine mwana ali kumsana, thupi kutentha ngati mbaula. Wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Kodi kwanu kulibe boma?"

Za lendi ya mkuku, kachisakasa ka malata kaja, mukuzidziwa kale anzanga. Za abwana odula malipiro chifukwa wathyola kapu, za kubisala ukaona galimoto ya apolisi, za kutchedwa kwerekwere, dzina lonyoza alendo, ndi kamwana koti ungakabereke, zonsezo tinazolowera. Koma funso lija landikhala pakhosi.

Boma ku Malawi liliko, inde. Mu Novembala 2023 boma la nthawi imeneyo linagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, ndalama imene ndinkatumizira amayi n'kusanduka madzi pa msika. Mu 2024 makina a mapasipoti anaima, ife kuno tikuwerenga masiku. Za Cashgate, kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, ndani waiwala? Maboma akusinthana, chilonda n'chomwecho. Ndipo ife a kunja, amene timalipira fizi, maliro ndi feteleza, voti sitiponya. Ndalama zathu amazifuna, chala chathu ayi.

Kodi kwanu kulibe boma? Ndikanamuyankha chiyani?

Chimene chimandiwawa n'chakuti kumudzi kwathu voti imapitabe ndi chitenje cha chipani ndi kandalama ka sopo, chonsecho lamulo la 2018 linaletsa zogawagawazo. Amayi anga sindikuwanyoza, sukulu anasiyira sitandade 2. Phungu amamuyeza ndi mabokosi a maliro amene wagula, sadziwa kuti ntchito yake ndi kupanga malamulo ndi kulondola ndalama za bajeti. Palibe amene anawauzapo. Komatu ndife omwewo amene mu 2020 tinaona khoti likukana chisankho cha tipeksi, anthu n'kukavotanso. Mphamvu tili nayo, imangothera pa chitenje.

Madzulo ano ndaimbira mng'ono wanga. Ndamuuza kuti fizi ya Fomu 3 nditumiza ngakhale ndigone ndi njala, koma usiku aziwawerengera amayi zimene aphungu analonjeza, chimodzichimodzi, pafupi ndi koloboyi. Mwanayu ndamugulira mankhwala kusitolo, wagona tsopano. Ndikufuna adzakulire kwathu, akadwala adzalowe pa geti popanda womufunsa mapepala.